Nsomba Zikaunjikana Poswana, Msodzi Asanyengeke

Mawu omwe mlangizi wa za usodzi adayankhula kwa makomiti a m'madoko a m'dera la T/A Kuntumanji, m'boma la Zomba, nyengo yotseka nyanja ya Chilwa itayandikira.

  

Chaka ndi chaka timabwera kudzakukumbutsani kuti m'miyezi ya Disembala, Januwale ndi Febuluwale makoka ayenera kukhala kumtunda. Chifukwa chake mumachidziwa: nsomba zimakhala zikuswana. Koma mawu oti “kuswana” tawanena kambirimbiri mpaka ena saamvanso kulemera kwake. Choncho lero ndifuna tione bwinobwino zomwe zimachitika pansi pa madzi m'miyezi imeneyi. Yaimuna imakhala kuti? Yaikazi imakhala kuti? Nanga chida chili chonse chomwe timaponya m'madzi chimatenga iti mwa ziwirizi? Munthu amasunga bwino lamulo lomwe akudziwa phata lake.

Nyanja yathu ndi nsomba zake zitatu

Nyanja ya Chilwa siili ngati nyanja ya Malawi. Ndi yosaya, ndipo ilibe mtsinje wotulutsa madzi. Madzi amalowa kudzera m'mitsinje monga Domasi, Likangala, Thondwe, Namadzi, Phalombe ndi Sombani, komanso Mnembo wochokera ku Mozambique, ndipo amachoka pouma ndi dzuwa basi. N'chifukwa chake nyanjayi imaphwa. Idaphwa mu 1968, idaphwanso mu 1995, madzi adachepa kwambiri mu 2012, ndipo mu 2018 ambiri a inu mudaona mabwato atakhala pa dothi long'aluka. Mvula yamphamvu ya mu Malichi 2019 ndiyo idabweza madzi, ndipo namondwe wa Freddy mu 2023 adaidzaza mpaka madzi kulowa m'minda ndi m'midzi.

Ngakhale zili choncho, nyanjayi ikakhala bwino imabereka modabwitsa. Mu 1979 mudatuluka nsomba zoposa matani 25,000. Pafupifupi nsomba zonse zomwe zimafika pa Mchenga, pa Kachulu ndi madoko ena ndi za mitundu itatu: makumba, matemba ndi milamba. Mtundu uli wonse uli ndi kaswanidwe kakekake. Tiyeni tiione umodziumodzi.

Makumba: bambo pachisa, mayi ndi ana m'kamwa

Kunja kukayamba kutentha, makumba aamuna amasintha mtundu. Thupi limada, ndipo nsonga za zipsepse ndi mchira zimafiira. Amapita m'madzi osaya, aliyense n'kusankha malo ake, n'kukumba ndi kamwa dzenje looneka ngati mbale. Limenelo ndiye chisa. Zisa zimakhala zambiri pamalo amodzi, moyandikana ngati nyumba za m'mudzi, ndipo yaimuna iliyonse imalondera chake usana wonse, kuthamangitsa zinzake.

Zazikazi sizikhala pazisapo. Zimayenda m'magulu awoawo, ndipo yomwe mazira ake akhwima ndiyo imapita kukasankha yaimuna. Imaikira mazira m'chisa, yaimuna imathirapo mbewu yake, kenaka yaikaziyo imatola mazira onse ndi kamwa n'kuchoka. Imakabisala m'mbali mwa njedza ndi maudzu, komwe imasunga mazirawo m'kamwa mpaka ataswa, ndipo tiana timakhalabe m'menemo kwa masabata angapo. Nthawi yonseyi mayiyu sadya kwenikweni. Tiana tikayamba kutuluka kukadya, chikachitika choopsa timathamangira m'kamwa mwa mayi.

Apa pali mfundo ziwiri zofunika. Yoyamba, yaimuna imodzi imatha kulandira zazikazi zingapo pachisa chake, pomwe yaikazi ikanyamula mazira ndiye kuti yatanganidwa kwa masabata. Yachiwiri, makumba saikira mazira ambiri ayi. Yaikazi imodzi imanyamula mazana ochepa chabe, poti onse ayenera kukwana m'kamwa.

Tsono taganizani khoka likamakokedwa m'nyengo imeneyi. Likadutsa pamalo a zisa, limakolola zazimuna zikuluzikulu zomwe sizifuna kuthawa chifukwa zikulondera, ndipo chingwe cha pansi chimafafaniza zisa zonse. Likadutsa m'mbali mwa njedza, limatenga zazikazi zoyamwitsa, titero kunena kwake. Alovi ndinu mboni: kangati mwaona chikumba chikulavula mazira kapena tiana m'bwato? Pamenepo mwagulitsa nsomba imodzi, koma zomwe zafa ndi mazana.

Matemba: ulendo wopita kumtsinje

Matemba ndiwo amasunga mabanja ambiri kuno. Mvula ikagwa mitsinje n'kuyamba kutsika ndi madzi atsopano, matemba okhwima amasonkhana m'magulu akuluakulu kumathiriro a mitsinje, n'kuyamba kukwera, kapena kulowa m'madambo osefukira. Kumeneko yaikazi imamwaza mazira m'maudzu omira, zazimuna zikutsatira pambuyo kuthira mbewu. Palibe chisa, palibe kulera. Maudzu ndi amene amabisa mazira ndi tiana.

Mwa matemba, yaikazi imakula kuposa yaimuna, ndipo ikadzaza mazira mimba imatukuka. Izi zili ndi tanthauzo pa ukonde. Diso la ukonde silifunsa kuti ndiwe wamkazi kapena wamwamuna, limangogwira chonenepa. Choncho m'nyengo yoswana, kayaimuna kowonda kamatha kupulumuka pomwe yaikazi yodzaza mazira yakodwa. Tikatchinga mtsinje wonse ndi mpanda wa mono, kapena tikaika ukonde wa udzudzu kapena gozi kumathiriro, ndiye palibenso chopulumuka, chachikazi, chachimuna, ngakhale tiana tobwerera kunyanja.

Ubwino wa matemba ndi woti amakula msanga. Temba loswedwa dzinja lino limatha kuswa dzinja likubwerali. Ndiye kuti tikawapatsa mpata chaka chimodzi, phindu timaliona msanga. Koma kuipa kwake n'komweko: moyo wake ndi waufupi, motero tikaononga kuswana kwa zaka ziwiri zotsatizana, palibe nkhalamba zotsala zoti zidzabweze mtundu.

Milamba: usiku wa mvula yoyamba

Mlamba umadikira mvula yamphamvu. Madzi akakwera n'kumiza udzu wa m'mphepete, milamba imatuluka yambirimbiri, makamaka usiku, kulowa m'madzi ofika m'mawondo kapena kucheperapo. Yaimuna imamenyana, yopambana n'kupeza yaikazi. Yaimuna imapinda thupi kuzungulira mutu wa yaikazi, mazira ndi mbewu zimatulukira limodzi, ndipo yaikazi imawamwaza ndi mchira. Mazirawo ndi omata, amakanirira ku udzu, ndipo amaswa pakangotha tsiku limodzi kapena awiri. Makolo amabwerera kumadzi akuya osayang'ananso m'mbuyo.

Mlamba waukazi waukulu umanyamula mazira masauzande makumi ambiri. Koma usiku umenewu ndi womwenso mlamba umaiwala kuchenjera. Munthu wa chikwanje, mkondo kapena chibonga amadzaza thumba mosavuta. Amene amapha motere aziyamba watsegula mimba ya mlamba umodzi n'kuona zomwe zili m'katimo, kenaka awerengere kuti m'thumba lonselo wataya milamba ingati ya chaka chamawa.

Masamu a zazimuna ndi zazikazi

Tiyeni tiyerekeze. Tinene kuti m'dziwe muli makumba 100 okhwima, 50 aamuna ndi 50 aakazi. Tikachotsamo aamuna 25, otsalawo angathe kukwanitsabe zazikazi zonse 50, ndipo tiana tingabadwe pafupifupi chimodzimodzi. Koma tikachotsamo aakazi 25, tiana tatsika ndi theka pompo. Alimi a ziweto mukudziwa: tonde mmodzi amakwanira khola, koma khola la atonde okhaokha silichuluka. Chiwerengero cha nsomba za mawa chimatsatira chiwerengero cha zazikazi za lero, makamaka zikuluzikulu, poti yaikazi yaikulu imabereka mazira ochuluka kuposa zing'onozing'ono zingapo kuziphatikiza.

Koma wina asachoke pano n'kumati zazimuna zilibe ntchito. Zikachepa kupitirira muyeso, mazira amatayika opanda mbewu. Chitsanzo chili kunyanja yamchere ya Gulf of Mexico, ku America. Kumeneko kuli nsomba yotchedwa gag, yomwe ili ndi chilengedwe chodabwitsa: zonse zimabadwa zazikazi, ndipo zina zikakula n'kukalamba zimasanduka zazimuna. Asodzi ankalondola malo omwe nsombazi zimasonkhana poswana, n'kumasankha zikuluzikulu. Akatswiri atawerenga adapeza kuti m'zaka za m'ma 1970, pa nsomba 100 zili zonse 17 zidali zazimuna, koma pofika m'ma 1990 zidatsala pakati pa 1 ndi 3. Nsomba zathu zitatu sizisintha motere, koma phunziro ndi lomwelo: chida chomwe chimasankha mbali imodzi chimapendeketsa mtundu wonse, ndipo pamwamba pa madzi palibe chimaoneka.

Chinyengo cha gulu la nsomba

Tsopano ndifike pa mfundo yomwe ndikufuna aliyense apite nayo kunyumba. Nthawi zambiri tikamakamba zotseka nyanja, wina amaimirira n'kunena kuti, “Inu alangizi mukuti nsomba zikutha, koma dzana kumathiriro tadzaza bwato kukoka kamodzi kokha.” Zoona, adadzazadi. Koma funso n'lakuti: nsomba zimenezo zidachokera kuti?

Nsomba zikamaswana zimachoka m'nyanja monse n'kudzaunjikana pamalo ochepa. Kaya m'nyanja mwatsala zambiri, kaya mwatsala zochepa, pamalo oswanirapo pamaoneka podzaza. Zili ngati tsiku la msika pa Songani kapena pa Jali: kuona chikhamu pamsika sikutanthauza kuti m'midzi monse mwadzaza anthu, kungoti onse abwera pamodzi. Msodzi wopha pamalo oswanira amadzaza bwato chaka chino, chaka chamawa, mpaka chaka chomwe adzapite n'kupeza zii. Chenjezo silibwera. Paja akulu adati chakudza sichiimba ng'oma.

Izi zidawachitikira anzathu a ku Canada. Kunyanja ya kufupi ndi Newfoundland kudali nsomba yotchedwa cod, yomwe idadyetsa anthu zaka mazana ambiri. Sitima zikuluzikulu zidaphunzira kulondola magulu a nsombazi, ndi pomwe zasonkhana kuti ziswane pomwe. Maukonde ankatuluka odzaza pomwe nsomba m'nyanja zidali zikutha. Mu 1992 boma lidatseka usodziwo, anthu oposa 30,000 ntchito idawathera, ndipo padatenga zaka 32, mpaka 2024, kuti autsegulenso, komabe mwapang'ono.

Koma tisapite kutali. Kunyanja ya Malawi, ntchila idali imodzi mwa nsomba zophedwa kwambiri m'zaka za m'ma 1950. Ntchila imakwera mitsinje poswana ngati matemba athuwa. Matchera ankaidikira kumathiriro isanaikire mazira, mitsinje nayo idayamba kukwiririka ndi dothi, ndipo m'zaka za m'ma 1960 ntchila idasowa. Ana ambiri a lero sadaionepo. Ku Malombe, chambo chophedwa chidaposa matani 8,000 mu 1982, koma pofika 1992 sichidafike ndi matani 1,000 omwe. Makoka a maso ang'onoang'ono adakokolola tiana ndi kuzula zomera za pansi pa madzi momwe chambo chinkabisala. Kugwa kwa chambo cha ku Malombe ndiko kudachititsa kuti mu 1993 boma liyambe kugwira ntchito limodzi ndi asodzi kudzera m'ma BVC, ndipo lamulo la za usodzi la 1997 lidatsegula khomo loti anthu a m'midzi azitenga nawo mbali posamala nsomba.

Nsomba zikapatsidwa mpata zimabwerera

Sindinabwere kudzakuopsezani chabe. Pachilumba cha Little Cayman, kunyanja ya Caribbean, asodzi adapeza mu 2001 malo omwe nsomba za mtundu wa Nassau grouper pafupifupi 7,000 zinkasonkhana poswana. M'nyengo ziwiri zokha adaphapo pafupifupi 4,000. Mu 2003 boma lidaletsa kupha pamalopo, ndipo patatha zaka 15 nsombazo zidachuluka kuposa katatu. Kwathu konkuno, ku chilumba cha Mbenji ku Salima, mafumu a kwa Makanjira akhala akutseka usodzi m'nyengo ya mvula kuyambira m'zaka za m'ma 1950, boma lisanawauze, ndipo mpaka lero asodzi ochokera kutali amakhamukira kumeneko pa tsiku lotsegulira.

Umboni waukulu koposa ndi nyanja yathu yomwe ino. Itaphwa mu 1968 ndi mu 1995, nsomba zidachokera kuti pomwe madzi adabwerera? Palibe adazigwetsa kumwamba. Zidachokera ku timagulu tochepa tomwe tidabisala m'maiwe a m'mitsinje ndi m'madambo. Mu 1995 mafumu ndi anthu a m'mbali mwa mitsinje adagwirizana ndi a nthambi ya za usodzi kuteteza maiwe amenewo, kuletsa katupe ndi makoka. Nsomba zochepa zija, zazimuna ndi zazikazi, ndizo makolo a matemba ndi makumba onse omwe takhala tikudya. Akadathiramo katupe, bwenzi tikukamba zina. Ndipo poti nyanjayi idzaphwanso tsiku lina, mtsinje uli wonse wa m'dera lino tiziuona ngati nkhokwe ya mbewu.

Zomwe komiti ingachite

Choyamba, tiyeni tiyambe kuwerenga tokha. BVC iliyonse ikhale ndi kope. Kamodzi pa sabata, tengani nsomba 50 za mtundu umodzi kuchokera m'bwato limodzi, osasankha, ndipo mulembe tsiku, malo omwe zaphedwa, chida chomwe chapha, zazimuna zingati, zazikazi zingati, ndi zingati zili ndi mazira okhwima. Kusiyanitsa sikovuta. Mukatumbula, yaikazi ili ndi timatumba tiwiri ta mazira a njerenjere, pomwe yaimuna ili ndi timizere tiwiri toyera tosalala. Mlamba waumuna uli ndi kanyama kosongoka kunsi kwa mimba, kufupi ndi potulukira chimbudzi, komwe waukazi alibe. Amayi amene mumatumbula nsomba tsiku ndi tsiku, inu ndinu akatswiri pa ntchito imeneyi, ndipo ndikupempha makomiti kuti kope limeneli lisungidwe ndi inu. Pakatha chaka, kopelo lidzatiuza mwezi womwe mazira amayamba kukhwima kuno kwathu, malo omwe zazikazi zimaunjikana, ndi chida chomwe chikutenga mbali imodzi mopitirira. Pokambirana malamulo a padoko tidzakhala ndi umboni wathuwathu m'manja.

Chachiwiri, asodzi akale mukudziwa pomwe pali zisa za makumba ndi njira zomwe matemba amadzera. Khalani pansi ndi mafumu, mutchule malowo, muikepo zizindikiro, ndipo mugwirizane kuti pamenepo khoka lisadutse ngakhale nyanja itatsegulidwa. Makumba amayamba kumanga zisa kukangotentha, Disembala asanafike, choncho miyezi itatu yotseka payokha siikwanira kuwateteza.

Chachitatu, mtsinje usatchingidwe kuchokera tsidya lino mpaka tsidya linalo. Wotchera mono asiye mpata pakati, pomwe madzi akuthamanga, kuti nsomba zokwera ndi tiana totsika zipeze njira.

Chachinayi, ukonde wa udzudzu ndi wa pabedi, gozi ndi wa pawindo. Katupe ndi mankhwala ena asapezeke m'madzi athu.

Chachisanu, tisamale njedza ndi maudzu a m'mphepete. Kutentha madambo ndi kulima mpaka m'gombe la mtsinje kumachotsa pobisalira tiana, ndipo dothi lokokoloka limakwirira mazira.

Za njala ya m'miyezi yotseka

Ndikudziwa zomwe zili m'mitima ya ambiri. Miyezi yomwe tikuti makoka apume ndi yomwenso ufa umatha m'nyumba, chimanga chimakwera mtengo, feteleza akufunika, ndipo mu Januwale ana akufuna za kusukulu. Mwini khoka angathe kupirira, koma mlovi amene amadya za tsiku lomwelo, ndi mayi amene bizinesi yake ndi beseni limodzi la matemba, kwa iwo miyezi itatu ndi yaitali. Amene anganene kuti nsembe imeneyi ndi yopepuka sakunena zoona.

Komabe nsomba sitingaiuze kuti iswane mu Juni pomwe tili ndi mpunga m'nyumba. Imatsatira mvula, monga mbewu ya kumunda. Ndipo tonse tikudziwa kuti ngakhale njala ivute bwanji, mlimi wanzeru sakazinga chimanga cha mbewu. Choncho kukonzekera kuyambe nsomba zidakali kuphedwa. Eni makoka, kambiranani ndi alovi anu zosunga kangachepe pa malipiro a miyezi yabwino, kuti kadzawathandize nyanja ikatsekedwa. Magulu a banki mkhonde a m'madoko aganizire zogawana ndalama chakumapeto kwa Novembala. Amene muli ndi dimba kapena munda wa mpunga, miyezi imeneyi ndi yake.

Kwa inu a komiti ndi mafumu, lamulo likhale limodzi kwa onse. Chomwe chimapha mgwirizano si umphawi, koma kukondera. Anthu akaona kuti wosauka walandidwa ukonde pomwe khoka la munthu wa ndalama likukokedwa usiku anthu akuona, mawa lake onse alowa m'madzi. Chida chikalandidwa chilembedwe m'buku pamaso pa mboni, chindapusa chikhale ndi lisiti, ndipo ndalama zake zilengezedwe pamsonkhano. Asodzi obwera, kaya ochokera ku Machinga, ku Phalombe, ku Mangochi kapena kutsidya, auzidwe malamulo a padoko tsiku lomwe afika. Amene amakhala m'zimbowera m'kati mwa njedza nawonso afikiridwe, poti ali pakhomo penipeni pa malo oswanira. Ndipo poti nsomba sidziwa malire a mafumu, ma BVC a kuno azilumikizana ndi anzawo a kwa Mwambo, a ku Chisi ndi a kwa Mposa. Mutu umodzi susenza denga.

Ndisanakhale pansi, pempho langa ndi ili: komiti iliyonse isachoke pano isanasankhe anthu awiri osunga kope lija, mmodzi wa iwo akhale mayi, ndipo pamsonkhano wotsatira ibwere ndi maina a malo oswanira omwe yagwirizana ndi mfumu yake kuti atetezedwe. Ife a nthambi ya za usodzi tidzafika padoko lili lonse kudzaonetsa kasiyanitsidwe ka yaimuna ndi yaikazi, ndi kalembedwe kake.

 Tsopano ndi nthawi ya mafunso ndi ndemanga.